Mafunso a Apaulendo: Masiku atatu ku Netherlands, ndikaone kuti za nkhondo ija?

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Zomba. Mwana wanga wamkazi akuphunzira ku Wageningen m'dziko la Netherlands, ndipo wandiitana kuti ndikamuone kumapeto kwa April mpaka sabata yoyamba ya May. Ndaphunzitsa za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse kwa zaka zambiri kuchokera m'buku basi, ndiye ndikufuna ndikaone ndi maso anga malo amene Adatchi amakumbukirapo zaka zomwe anali pansi pa Ajeremani. Mwanayo akuti tikangofika kunyumba ya Anne Frank ndiye kuti taona zonse. Masiku oyendayenda ndili nawo atatu okha, komanso mawondo angawa sagwirizana ndi makwerero. Mungandilangize bwanji?
Mayi wa ku Matawale

Yankho: Aphunzitsi, mwana wanu sakulakwitsa kutchula nyumba ya Anne Frank, mtsikana wachiyuda amene ankalemba za moyo wake m'kabuku ali kobisala Ajeremani, koma mukakathera pomwepo mudzabwerako ndi nkhani yoduka pakati. Ine ndinakhala kumeneko zaka zinayi, ndipo malo amene anandilowa kwambiri mumtima ndi bwalo lina lapululu m'nkhalango ya kumpoto, lotchedwa Westerbork. Ndifikako.

Za masiku inu mukudziwa kuposa ine: Ajeremani analowa pa 10 May 1940, pa 14 May anaphulitsa pakati pa mzinda wa Rotterdam, m'mawa mwake asilikali a Adatchi anagonja. Chimene mabuku athu a kusukulu amachidumpha ndi chakuti m'dzikomo munali Ayuda pafupifupi 140,000, ndipo mwa iwo 107,000 anakwezedwa sitima kupita ku misasa yophera anthu. Obwerako amoyo anali ngati 5,000 okha. Pa Ayuda anayi alionse, atatu anaphedwa. Muziyenda ndi chiwerengero chimenechi m'mutu, pakuti malo onse amene nditchule akukamba za icho.

Tsiku loyamba likhale la ku Amsterdam. Nyumba ya Anne Frank ili pa Prinsengracht 263, m'mbali mwa ngalande, pafupi ndi tchalitchi cha Westerkerk. Matikiti ake sagulitsa pakhomo. Amagulitsa pa intaneti pokha, amawatulutsa Lachiwiri lililonse kudakali milungu 6, ndipo sachedwa kutha. Mwana wanu achite changu lero lomwe. Za mawondo ndisakunamizeni: makwerero a mmenemo ndi oimirira ngati a pankhokwe, ndipo ku zipinda zobisalamo kulibe njira ina yokwerera. Ngati mungalimbe mtima, kwerani pang'onopang'ono, palibe amene adzakukankhani. Mudzadutsa kuseri kwa shelefu ya mabuku imene inkabisa chitseko, n'kulowa m'zipinda zopanda mpando kapena bedi. Bambo a Anne, Otto Frank, ndi amene anafuna kuti zikhale zopanda kanthu choncho. Mwa anthu 8 amene anabisalamo kuyambira mu July 1942 mpaka atagwidwa pa 4 August 1944, anapulumuka ndi bambo Otto okha. Pakhoma lina pali timizere ta pensulo tomwe makolo ankalemba poyeza msinkhu wa ana awo awiri. Ine ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa mayi anga nawonso ankatiyeza chimodzimodzi pa chitseko cha kukhitchini.

Mawondo akakana, musadandaule. Dera la Plantage ndi lathyathyathya ndipo lili ndi zambiri. Mumsewu wa Weesperstraat muli chipilala cha mayina chomwe anatsegula mu 2021. Ndi makoma a njerwa zoposa 102,000, njerwa iliyonse ili ndi dzina la munthu mmodzi, tsiku lomwe anabadwa ndi zaka zomwe anali nazo pomwalira. Mulinso mayina 220 a anthu a mtundu wa Sinti ndi Roma, amene nawonso anaphedwa ndi Ajeremani. Kulowa ndi kwaulere. Mayinawo anawasanja motsata zilembo, ndiye dzina limodzi la mtundu limatha kudzaza mizere ingapo, agogo a zaka 80 atagundana ndi khanda la chaka chimodzi. Pansi pa makomawo mudzaona timiyala toyera. Ayuda pamanda amasiya mwala, monga ife timasiyira nkhata ya maluwa, ndipo mlendo nayenso saletsedwa kuikapo wake.

Mukayenda pang'ono mufika pa Hollandsche Schouwburg, nyumba ya zisudzo imene Ajeremani anaisandutsa malo osonkhanitsirapo Ayuda asanawatumize. Ana ankawalekanitsa ndi makolo n'kukawasunga kutsidya kwa msewu, m'nyumba yolererako ana. Nkhani ya kutsidyako ikukhudzani inu monga mphunzitsi. Nyumbayo inayandikana ndi koleji ya aphunzitsi yomwe mkulu wake anali Johan van Hulst. Iyeyu, pamodzi ndi Henriëtte Pimentel amene ankayang'anira anawo ndi Walter Süskind amene ankafufuta mayina m'kaundula, anazembetsa ana pafupifupi 600. Ena ankawadutsitsa pa mpanda wa kuseri, ena ankatuluka nawo pa nthawi imene tramu, sitima yoyenda mumsewu, ikudutsa n'kutchinga maso a alonda. Pa khanda lililonse ankayamba afunsa makolo ngati akuvomera kulipereka kwa anthu osawadziwa. Koleji ija lero ndi National Holocaust Museum, inatsegulidwa mu March 2024.

Musabwerere osaona chiboliboli cha Dokwerker pa bwalo la Jonas Daniël Meijerplein, bambo wojintcha wogwira ntchito padoko, manja ali m'mbali ngati wokonzeka kumenya. Chimakumbutsa za 25 February 1941, pamene oyendetsa matramu ndi antchito ena ambiri ananyanyala ntchito Ajeremani atagwira amuna achiyuda oposa 400. Sitirakayo inathetsedwa ndi mfuti patangopita masiku awiri.

Tsiku lachiwiri lonse lipatseni Westerbork. Ndi m'chigawo cha Drenthe, pafupi ndi mudzi wa Hooghalen. Mudzatsikira ku Assen kapena ku Beilen, ndipo mwana wanu afufuziretu za basi kapena takisi chifukwa ndi kumudzi. Kuchokera pa myuziyamu kukafika pamene panali msasa pali makilomita ngati atatu, koma pamayenda basi yawo, mawondo anu sadzavutika.

Ena adzakuuzani kuti kulibe choona, ndipo n'zoona kuti nyumba za msasawo zinagwetsedwa kalekale. Msasawu unamangidwa ndi boma la Adatchi lomwe mu 1939, kuti muzikhala Ayuda othawa ku Germany. Mu July 1942 Ajeremani anautenga n'kuusandutsa pokwerera sitima. Sitima 93 zinanyamuka pamenepo kupita ku misasa ya Auschwitz, Sobibor, Theresienstadt ndi Bergen-Belsen, zambiri mwa izo Lachiwiri m'mawa, ndipo mayina a okwera ankawawerenga usiku wake. Banja la Frank linakwera ya pa 3 September 1944, yomaliza kupita ku Auschwitz. Choncho nkhani imene mudzaiyambe pa Prinsengracht imapitirira pano.

Pa bwalo pamene ankaitanira mayina anadzalapo timiyala tofiira 102,000, tina tatitali tina tatifupi, tosanjidwa m'kati mwa mapu a dziko la Netherlands. Pamwamba pa tambiri pali kanyenyezi kachitsulo, pa tina pali kalawi ka moto koimira a Sinti ndi Roma. Pakati pa timiyalato abale amazikapo zithunzi: mtsikana atavala za ukwati, mnyamata ali panjinga. Tsiku lomwe ndinapitako kunkagwa kamvula kowaza, ndipo ndinapeza agogo ena aamuna atagwada akupukuta chithunzi ndi mpango wawo, osalankhula ndi munthu. Chakumapeto kwa bwalo kuli njanji imene nsonga zake anazipindira kumwamba. Anaikonza ndi Ralph Prins, amene nayenso anatsekeredwapo mumsasawo. Nyumba ya mkulu wa msasa idakalipo, yamatabwa obiriwira, anaivindikira ndi galasi.

Chimene ndimalemekezera malowa ndi chakuti sabisa dzanja la eni dziko. Ajeremani okha sakanatha ntchito imeneyi. Makalaliki a boma anali ndi kaundula wolongosoka wa munthu aliyense, apolisi achidatchi ankagogoda m'makomo, kampani ya njanji ya NS inkanyamula anthuwo n'kulandira malipiro. NS inapepesa mu 2005, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo Mark Rutte inapepesa m'malo mwa boma mu January 2020, patatha zaka pafupifupi 75 nkhondo itatha. Ana amene munawaphunzitsa ena lero ndi makalaliki, ena ndi apolisi, ndiye mbali imeneyi muimvetsere bwino.

Tsiku lachitatu simufunika kupita kutali, mwana wanu amakhala pamalo peniyeni. Pa 4 May, nthawi ya 8 koloko madzulo, dziko lonse limakhala chete kwa mphindi ziwiri pokumbukira amene anafa pa nkhondo. Sitima zimaima, mabasi amaima, ngakhale m'malo odyera anthu amasiya mafoloko. Masana ake pitani ku Oosterbeek, pafupi ndi Arnhem, mukaone manda a asilikali oposa 1,700, ambiri mwa iwo a ku Britain amene anafera pa nkhondo yolimbirana mlatho wa ku Arnhem mu September 1944. Chaka chilichonse mu September ana asukulu amaika maluwa pa manda alionse. Kulephera kwa nkhondo ya pamlathoyo n'kumene kunasiya chigawo cha kumadzulo m'manja mwa Ajeremani nyengo yonse yozizira, njala n'kupha anthu pafupifupi 20,000, ena akudya mizu ya maluwa a tulip. Pa 5 May mukadzuke muli ku Wageningen. Mu Hotel de Wereld ya m'tauni yomweyo ndi mmene kazembe wa asilikali a Canada, Charles Foulkes, anakumana ndi wa Ajeremani, Johannes Blaskowitz, pa 5 May 1945 kukamba za kugonja. Tsikulo tauni imadzaza, mulawirire kuti mukapeze pokhala. Mutenge juzi yokhuthala, May wa kumeneko amazizira ngati June wa pa Zomba.

Funso: Ndimagwira ntchito ku The Hague. Anzanga anandidzudzula nditaika pa Facebook chithunzi changa ndikumwetulira pa chipilala cha mayina ku Amsterdam. Ndinalakwa chiyani, poti pakhomo panalibe chikwangwani choletsa?
Mnyamata wa ku Kasungu

Yankho: Achimwene, anzanuwo akukufunirani zabwino. Anthu a mayina aja ambiri alibe manda, njerwa imeneyo ndiye manda awo, ndipo amene munaima nawo pafupi mwina anali mdzukulu wodzaona agogo ake. Kwathu ku Kasungu simungaime pamtumbira wa eni n'kumwetulira kamera. Chichotseni chithunzicho. Kujambula khomalo kapena dzina sikolakwika, koma m'nyumba ya Anne Frank kujambula n'koletsedwa kumene. Poti muli ku The Hague, tsiku lina mudzapite ku Oranjehotel ku Scheveningen, ndende imene ankatsekeramo otsutsa Ajeremani. Chitolokosi nambala 601 anachisunga mmene chinalili, ndipo pamakoma pake padakali zomwe akaidi ankalemba.

Funso: Agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR pa nkhondo imeneyi. Kodi dzina lawo kapena la anzawo ndingakalipeze ku manda a asilikali a ku Netherlands?
Mdzukulu wa ku Ntcheu

Yankho: Ayi mdzukulu, kumeneko simukawapeza. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma, ndiye mufufuze kumeneko kudzera ku Commonwealth War Graves Commission, imene ili ndi kaundula wa mayina pa intaneti. Koma ngati mukufuna kumva za munthu wakuda pa nkhondo ya ku Netherlands, funsani za Anton de Kom. Anali mlembi wochokera ku Suriname, dziko lomwe linali pansi pa Adatchi, ndipo ngakhale anali wotsutsa utsamunda wawo, analowa m'gulu lolimbana ndi Ajeremani mobisa. Anagwidwa mu August 1944, anadutsa mu Oranjehotel ndi mumsasa wa Vught, ndipo anamwalira ku Sandbostel m'dziko la Germany mu April 1945, kutatsala milungu iwiri kuti nkhondo ya ku Ulaya ithe. Chiboliboli chake chili ku Amsterdam Zuidoost, pa bwalo lotchedwa dzina lake, ndipo mukhoza kufikako pa metro, sitima ya mumzindamo.