Mkodzo ukamatuluka wokha mutabereka: yankho kwa amake mwana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa konkuno ku Chipata. Anapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Mwachidule akuti: "Ndili ndi zaka 26, mwana wanga wachiwiri ali ndi miyezi isanu. Chiberekereni, ndikatsokomola, ndikaseka kapena ndikamadzitwika chigubu cha madzi, mkodzo umatuluka wokha. Kukwaya ndinasiya chifukwa povina ndimadzinyowetsa. Azakhali akuti ndi mmene zimakhalira munthu ukabereka, mnzanga akuti ndi fistula. Bambo a kunyumba sindinawauze. Kodi zimenezi zidzatha?"

Mng'ono wanga, mwachita bwino kufunsa. Malinga ndi mmene mwafotokozera, vuto lanuli ndi lodziwika bwino, lili ndi chithandizo, ndipo amayi ambiri amachira kapena kupeza bwino kwambiri popanda opaleshoni. Azakhali anu anena zoona mbali imodzi: zimachitikiradi ambiri. M'miyezi itatu yoyamba atabereka, pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse amadontha mkodzo. Pomwe ndikusiyana nawo ndi poti mungokhala nazo. Chinthu kukhala chofala sikutanthauza kuti n'chosachizika.

Ineyo zinandichitikira nditabereka mwana wachitatu. Ndimakumbuka Lamlungu lina m'tchalitchi, nditakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi khomo, nditamanga zitenje ziwiri. Anthu ataimirira kuti aimbe nyimbo yomaliza, ine ndinakhalabe pansi, ndikunamizira kuyamwitsa, kudikira kuti onse atuluke ndione ngati pabenchi panyowa. Nditapita kukiliniki patatha masabata 6, anayeza mwana, anandifunsa za kulera, koma za mkodzo palibe anafunsa, inenso ndinachita manyazi kuyambitsa. Ndinakhala choncho pafupifupi chaka. Chaka chimenecho chimandiwawabe mumtima, chifukwa chithandizo chake ndikanachiyamba tsiku lomwelo wina akanangondiuza.

Tiyambe ndi mantha a fistula, chifukwa ndikudziwa kuti ndi amene akukusowetsani tulo. Fistula ndi bowo limene limabooka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, nthawi zina pakati pa njira yoberekera ndi thumbo lotulukira chimbudzi. Kawirikawiri limabwera matenda akatalika, mayi n'kuvutika masiku awiri kapena atatu mwana osatuluka. Mutu wa mwana umapanikiza mnofu pa fupa, magazi osafikapo, mnofuwo n'kufa, patapita masiku ochepa n'kuboola. Nthawi zambiri mwanayo sakhala moyo. Limathanso kubwera chikhodzodzo chikavulala pa opaleshoni. Chizindikiro chake n'chakuti mkodzo umangotuluka usana ndi usiku, kaya mwakhala, kaya mwagona, osadikira kuti mutsokomole. Mayi amadzuka mphasa itanyowa tsiku lililonse. Inu mukuti zimachitika mukatsokomola, mukaseka, mukanyamula katundu, nthawi zina zonse muli gwa. Zimenezo sizikufanana ndi fistula. Komabe wotsimikiza ndi namwino kapena dokotala amene wakupimani, osati ine wa pa intaneti.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha ena amene akuwerenga. Ngati kumudzi kwanu, kaya ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Lundazi, kuli mayi amene anthu amamuthawa chifukwa cha fungo la mkodzo chiberekereni, chonde mutengereni kuchipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse amayi pakati pa 50,000 ndi 100,000 padziko lonse amapezeka ndi fistula, ndipo pa 23 May dziko lonse limakumbukira nkhondo yothetsa vutoli. Bowolo limasokedwa. M'chigawo chathu chino chipatala cha St Francis ku Katete chakhala chikuchita opaleshoni imeneyi. Likadziwika msanga, bowo laling'ono nthawi zina limatsekeka lokha akangoika kapaipi kotulutsira mkodzo kwa masabata angapo. Si ufiti, ndiponso si chilango cha chigololo monga ena amanenera matenda akatalika.

Tsopano zanuzo. Pansi pa chiuno pali minofu yoyalidwa kuchokera ku fupa la pachinena mpaka ku fupa lakumbuyo kumene msana umathera. Muiganizire ngati chitenje choberekera mwana. Chitenje chikamangidwa bwino mwana amakhala pamalo pake, chikakhwepa amatsetsereka. Minofu imeneyi imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo, ndipo imathandiza kutseka njira ya mkodzo. Miyezi 9 ya pathupi inanyamula mwana wa makilogalamu atatu kapena kuposa, nsengwa ndi madzi ake. Tsiku lobereka inatamuka kwambiri kuti mutu udutse, mitsempha yoilamula nayonso inakokeka. Ndiye mukatsokomola m'mimba mumakankha chikhodzodzo mwamphamvu, pansi palibe chogwira mokwanira, mkodzo n'kudontha. Vutoli limakula mwana akakhala woposa makilogalamu 4, mayi akakankha nthawi yaitali, akang'ambika kwambiri, akabereka mothandizidwa ndi chokokera mwana, kapena mimba zikamabwera motsatizana. Obereka pa opaleshoni sizimawachitikira kwambiri, koma nawonso sakhala otetezeka kotheratu, pakuti pathupi pokhapo pamatopetsa minofuyi.

Mnofu wofooka umalimba ukamagwiritsidwa ntchito, ndipo apa ndi pamene pali mankhwala anu enieni. Kulimbitsa minofu imeneyi anakufotokoza bwino dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, n'chifukwa chake mukamva anamwino akunena za ma Kegel, akunena zomwezi. Palibe chogula.

Gonani chagada mawondo mutapinda. Yerekezani kuti muli pagulu, kumaliro kapena m'basi, ndipo mpweya ukufuna kutuluka kumbuyo, inu mukuuletsa. Nthawi yomweyo yerekezani kuti mukuletsanso mkodzo. Mumve kumusiku kukufinyika ndi kukokera m'mwamba, m'kati. Kumeneko ndiye kugwira kwake. Matako asaume, ntchafu zisapanikizane, mimba musaikankhire pansi, ndipo muzipuma monga mwa nthawi zonse. Ambiri amalakwitsa pamenepa: amabanika, n'kumakankha ngati akubereka, zomwe zimangowonjezera vuto. Mukafuna kutsimikiza, sambani m'manja, lowetsani chala chimodzi m'njira yoberekera, mufinye. Mukamva chala chikugwidwa ndi kukokeka pang'ono, mwapeza malo ake.

Gwirani choncho n'kuwerenga mpaka 3 kapena 4, kenako masulani kotheratu n'kupumula nthawi yofanana. Kumasulako n'kofunika ngati kugwirako. Bwerezani ka 8 mpaka ka 10. Mukatero finyani mofulumira, kugwira n'kusiya, ka 10. Muzichita zimenezi katatu patsiku. Masabata akamapita muziwonjezera mpaka muzitha kugwira n'kuwerenga kufika 10, ndipo mukazolowera chogona muyambe kuchita mutakhala pansi, kenako mutaimirira. Masiku oyamba mwina simudzamva chilichonse chikuyenda. Musagwe ulesi, mitsempha imadzuka pang'onopang'ono.

Vuto lalikulu si kuvuta kwake, koma kuiwala. Ine chinandithandiza n'kumangiriza ku ntchito imene sindikanaiphonya. Poyamwitsa m'mawa, podikira madzi a nsima kuti atenthe masana, ndi poyamwitsa usiku. Palibe amene ankadziwa kuti ndikuchita kanthu. Ndinayamba kuona kusintha patatha pafupifupi miyezi iwiri, pamene ndinayetsemula ndili pa msika wa Kapata, dengu lili kumutu, n'kupeza kuti ndili bwinobwino. Madokotala amati muchite mosadukiza kwa miyezi itatu musananene kuti sizikuthandiza. Ambiri amasiya pa sabata yachiwiri, kenako n'kumauza anzawo kuti n'zopanda ntchito.

Pali kachenjerero kena kamene kangakuthandizeni kuyambira lero. Mukamva chifuwa kapena kuyetsemula kukubwera, kapena musanadzitwike chigubu, finyani kaye minofuyo, mugwire mpaka mutamaliza. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo kulemera konseko kumatsikira pamalo ofookawo. Sindinganene kuti musiye kutunga madzi, ndikudziwa mmene timakhalira. Koma miyezi imeneyi gawani paŵiri, kapena bambo atengere panjinga. Chimodzi musachite: kumadula mkodzo pakati mukamakodza ngati njira yolimbitsira. Mukazolowera, chikhodzodzo chimasiya kukhuthula wonse, ndipo wotsalawo umabweretsa matenda.

Ndikudziwa kuti mwachepetsa kumwa madzi, ngakhale simunalembe. Tonse timatero. Kutereko kumapweteketsa, chifukwa mkodzo umakhala wochepa koma wakupsa, wofiirira, wafungo, ndipo umanyerenyetsa chikhodzodzo mpaka muzimva mkodzo pafupipafupi. Inu mukuyamwitsa, ndiye kutentha kwa October kuno mukukudziwa. Imwani malita awiri kapena kuyandikira pamenepo, pang'onopang'ono tsiku lonse, n'kuchepetsa kukamada. Chochepetsa ndi tiyi wambiri, khofi, zakumwa za kola ndi mowa. Kudzimbidwa nakonso ndi mdani, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumatamula minofu yomweyo. Nsima ya mgaiwa, nkhwani, bonongwe, nyemba, mbatata ndi mapapaya zimafewetsa m'mimba. Ngati muli ndi chifuwa chopitirira masabata awiri kayezetseni TB, ndipo utsi wa nkhuni muziupewa, muziphikira panja pakatheka.

Pali nkhani ina imene ndiyenera kuinena mosabisa. Padzapezeka wina, mwina mwa alangizi, mwina wogulitsa pamsika, wokuuzani kuti muike mankhwala azitsamba kumusi kuti kubwerere. Chonde musatero. Alangizi ndimawalemekeza, anatiphunzitsa zambiri zabwino. Koma zoikazo sizifika pa mnofu umene wafooka. Zimangoumitsa ndi kutupitsa khungu la m'kati, n'kusiya timabala, ndipo timabala timeneto ndi khomo la matenda, kuphatikizapo HIV. Chimodzimodzi kutsuka m'kati ndi sopo pofuna kuthetsa fungo. Tsukani kunja kokha ndi madzi, pukutani bwino, pakani Vaseline pang'ono ngati khungu layamba kusupuka, ndipo padi kapena kansalu muzisintha kakangonyowa.

Mtundu wina wa vutoli simunautchule, koma amayi ena ali nawo pamodzi ndi wanuwo. Mkodzo umabwera mwadzidzidzi mwamphamvu, munthu osafika n'kuchimbudzi komwe, makamaka akamva madzi akuthiridwa mu ndowa. Apa chikhodzodzo ndicho chikufinya nthawi isanakwane. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga pafupifupi theka la lita, ndipo kukodza ka 4 mpaka ka 8 patsiku n'kwabwinobwino. Chimaphunzitsidwanso: mkodzo ukabwera, imani kapena khalani pansi, finyani minofu ija kangapo mpaka mphamvu yake itachepa, kenako muyende modekha. Sabata iliyonse muzitalikitsa nthawi pang'ono, kwa masabata osachepera 6.

Ngakhale mukuchita zonsezi, pitani kukiliniki. Musadikire ngati mukumva kuwotcha pokodza, mkodzo uli ndi magazi, thupi likutentha, mukumva ngati chinthu chikutsika kapena chatulukira kumusi, mkodzo ukutuluka movutikira ndipo mukumva kuti watsalira, mpweya kapena chimbudzi chikutuluka chokha, kapena muli ndi ludzu losatha ndi kukodza kwambiri, komwe kungakhale shuga. Matenda a m'njira ya mkodzo amapezeka pongoyeza mkodzo ndipo amachizika ndi mankhwala. Ngati miyezi itatu yatha popanda kusintha, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital, mukaonane ndi dokotala wa amayi kapena a physiotherapy (akatswiri othandiza kulimbitsa minofu), amene angaone ngati mukufinya molondola. Palinso kamphete kamene amaika m'kati kuti kachirikize, ndipo opaleshoni iliponso, ngakhale imeneyo nthawi zambiri amadikira kuti munthu amalize kubereka. Tsiku la sikelo likubwerali, mwana akatha kuyezedwa musanyamuke. Nenani kuti, "Asisita, inenso ndili ndi vuto langa. Chiberekereni, mkodzo umatuluka wokha ndikatsokomola." Mawu amenewa anawamvapo kwa amayi ambiri, sangadabwe.

Za bambo a kunyumba, inu ndi amene mukuwadziwa. Koma ine ndikanakonda muwauze. Mwamuna akaona mkazi wake akumuthawa kumphasa, wasiya kuseka, akuchapa zitenje mobisa, amayamba kuganiza zina, ndipo zoganizazo zimakhala zoipa kuposa zoona. Auzeni kuti minofu inatamuka pobereka mwana wawo yemweyu, kuti mukuilimbitsa, ndipo kuti mukufunika nthawi musanatenge pathupi pena, zaka ziwiri kapena kuposa. Ngati mkodzo umadontha pogonana, kodzani kaye musanagone ndipo yalani kansalu. Ine nditawauza anga, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa chifukwa chake ndinavutika ndekha chaka chonse. M'mawa mwake zigubu anakatenga okha panjinga.

Kukwaya bwererani sabata ino. Kodzani musanalowe, valani padi, imani mzere wakumbuyo ngati mukufuna, ndipo nyimbo yovina ikayamba finyani kaye musanaponde. Miyezi itatu ikatha mundilemberenso, ndimve mmene zikuyendera.