Kodi "filibuster" ndi kunyanyala?

Funso: Pa nkhani za ndale za ku America ndimamva mawu akuti filibuster, ndipo mtolankhani wina pa wailesi anawamasulira kuti "kunyanyala". Kodi anakhoza? Nanga mawuwa anachokera kuti?

Yankho: Sanakhoze. Phungu wonyanyala amatuluka m'nyumba kapena kukana kutenga nawo mbali. Wochita filibuster satuluka: amakakamira pomwepo n'kumalankhula mosalekeza kuti nthawi yovota isakwane.

Mchitidwewu ndi wodziwika mu Senate, nyumba ya maseneta 100 ya ku America. Kumeneko seneta akapatsidwa mpata wolankhula sayezeredwa mphindi, ndipo voti siingachitike mtsutso usanathe. Malinga aimirire ndipo asachoke m'chipindamo, angalankhule mpaka mawu atasasa. Huey Long mu 1935 anafika powerengera anzake kaphikidwe ka zakudya. Strom Thurmond mu 1957 analankhula maola 24 ndi mphindi 18 pokana bilu yoteteza ufulu wovota wa anthu akuda, koma biluyo inadutsabe.

Njira yodulira mtsutso, imene amaitcha cloture, inakhazikitsidwa mu 1917 ndipo inkafuna magawo awiri mwa atatu a ovota. Mu 1975 anatsitsa chiwerengerocho kufika pa maseneta 60. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: kuti bilu idutse pamafunika mavoti oposa theka basi, koma kuti ifike povotedwa pamafunika 60. Choncho maseneta 41 akamvana, bilu imagona. Masiku ano safunikanso kuima usiku wonse. Kungodziwitsa atsogoleri a nyumbayo kuti sadzalola kutseka mtsutso n'kokwanira. Womasulira nkhani ayambe wafunsa ngati munthu analankhuladi kapena anangoopseza, chifukwa Chichewa chake sichifanana.

Gwero la mawuwa lili panyanja, kutali ndi nyumba ya malamulo. M'Chidatchi muli mawu akuti vrijbuiter, kutanthauza munthu wolanda katundu mwa iye yekha, wosatumidwa ndi mfumu iliyonse. Afalansa anawasandutsa flibustier, Asipanishi filibustero, ndipo ankatchulira achifwamba amene ankafunkha zombo ndi madoko a Spain ku nyanja ya Caribbean m'zaka za m'ma 1600. Cha m'ma 1850 Aamerika anatenga mawu a Chisipanishiwo potchula magulu a anthu a mfuti amene ankanyamuka ku America kukaukira maiko ena popanda chilolezo cha boma lawo. Narciso López anayesa kulanda Cuba mu 1850 ndi 1851. William Walker analanda Nicaragua, nadziika kukhala pulezidenti mu 1856, ndipo anaphedwa ku Honduras mu 1860. Andale atayamba kunyozana ndi dzinali, tanthauzo linali lomveka: mnzathuyu walanda zokambirana monga chigawenga chilandira chombo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 tanthauzo la kunyumba ya malamuloli linali litakhazikika, la achifwamba lija n'kuyamba kuzilala.

Nanga m'Chichewa tinene chiyani? Liwu limodzi lokwanira palibe, ndipo sitikuona chifukwa chopekera. Tili ndi aneni angapo oyandikira, koma aliyense ali ndi malire ake.

"Kuzengereza" n'kolakwika. Wozengereza amachedwa yekha ndi ntchito yake, chifukwa cha ulesi kapena kukayika, n'chifukwa chake akulu amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Seneta uja si waulesi. Akudziwa bwino chomwe akufuna. "Kutsekereza" kumanena zotsatira zake, osati njira, ndipo kungatanthauzenso khoti litapereka chiletso. "Kutaya nthawi" ndi chigamulo cha wolemba, ndiye mtolankhani wosafuna kukondera akupewe.

Woyenera ndi "kuchedwetsa". Kamphatikira kochititsa, -ets-, kakusonyeza kuti pali wina amene akuchititsa kuchedwako, ndipo mukawonjezera "dala" cholinga chaoneka. Lembani kuti: "Maseneta otsutsa achedwetsa dala voti polankhula mosalekeza." Ngati palibe analankhula: "Maseneta otsutsa akana kutseka mtsutso, choncho bilu siinavotedwe."

"Kunyanyala" kuli ndi malo ake. Mu 2007, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, aphungu otsutsa kuno kwathu anakana kukambirana bajeti mpaka Sipikala atagamula za Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko lino, lokhudza aphungu osintha chipani. Kumeneko kunali kukana ntchito, ndipo mneniyu akugwirizana nako. Filibuster yeniyeni ndi yovuta kuichita ku Lilongwe, popeza phungu amapatsidwa nthawi yoyezedwa ndipo Sipikala amamukhazika pansi ikatha. Zochedwetsa zimene timaona kuno ndi zina: kudzuka pafupipafupi ndi madandaulo a kayendetsedwe ka zokambirana, kapena kutuluka kuti chiwerengero chofunika chisakwane.

Mukafuna kusunga liwu lachilendoli, lisiyeni mmene limalembedwera, ndipo mulimasulire poyamba pomwe. Ligwirizanitseni ngati "bilu": filibuster ya Thurmond, filibuster ija inatha. Munthuyo mutchuleni "wochita filibuster". Musalembe kuti "seneta ndi filibuster", chifukwa potero mwamutcha chigawenga cha m'nthawi ya Walker.