Kodi woyenda mu kompyuta amasankha njira ngati woyenda mumsewu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuphunzira za kamangidwe ka mizinda. Iwo anafunsa kuti: "Ndamva kuti ofufuza amaveka anthu magalasi a VR, oonetsa zinthu za pa kompyuta ngati zenizeni, n'kumawayendetsa m'mizinda yopangidwa pa kompyuta, pofuna kudziwa njira zimene oyenda pansi amasankha. Zimenezi n'zodalirika? Munthu wokhala pampando angatiuze chiyani za munthu wa mumsewu?"

Mayi, funso lanuli landigwira mtima, chifukwa inenso ndimayenda pansi tsiku ndi tsiku. Ndikuyankheni chonchi: pa zimene maso amasankha, njira yofufuzirayi ndi yodalirika ndithu. Koma pa zimene miyendo ndi thukuta zimasankha, musafulumire kuikhulupirira.

Ubwino wake waukulu ndi uwu. Mumsewu weniweni simungasinthe chinthu chimodzi chokha. Mukaona anthu akukonda msewu wina, simudziwa ngati awukondera mitengo, mashopu, kapena kuti ulibe magalimoto ambiri. Pa kompyuta mumachotsa mitengo yokha, zina zonse n'kuzisiya mmene zilili, kenako n'kuona ngati anthu asintha njira. Makinawo amalemba phazi lililonse, ngakhale pamene munthu waima pamphambano n'kumacheukacheuka.

Mu 2003, Ruth Conroy Dalton wa ku Britain anafalitsa zimene anapeza atayendetsa anthu mumzinda wa pa kompyuta. Anthuwo akafika pamphambano ankakonda kupitirira kutsogolo, n'kumapewa kukhota kwambiri. Ndiye mu 2021 ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America anaunika maulendo oposa 550,000 a anthu enieni a m'mizinda ya Boston ndi San Francisco, ochokera m'mafoni awo. Anapeza kuti anthu sasankha njira yaifupi nthawi zonse, koma imene ikuoneka kuti yaloza kumene akupita, moti njira yopitira imasiyana ndi yobwerera. Kafukufuku awiriwa si wofanana, koma onse akundiuza chinthu chimodzi: munthu amayenda ndi maso, sayenda ndi chingwe choyezera.

Pamene ndimaiyamikira kwambiri njirayi ndi pa nkhani ya ngozi. Mu 2010, anthu 21 anafa pa chikondwerero cha Love Parade ku Duisburg ku Germany chifukwa chothithikana. Palibe wofufuza amene angaloledwe kuyesa zoterezi ndi anthu amoyo. Koma mu 2016 Mehdi Moussaïd ndi anzake anaika anthu 36, aliyense pa kompyuta yake, m'nyumba imodzi yongoyerekeza. Poyamba anaona kuti anthuwo akakumana m'kanjira kopanikiza, ambiri ankapatukira kumanja, monga amachitira m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Kenako anachepetsa kuwala, anayatsa magetsi ofiira ophethira, anaika moto pa makomo ena, ndipo wochedwa kutuluka ankaluza ndalama. Anthu anayamba kuunjikana ndi kugundana, gulu n'kumakhamukira mbali imodzi, ngakhale yolakwika. Womanga sitediyamu kapena msika ayenera kudziwa zimenezi asanaike khomo.

Tsopano ku mbali imene mukukayikira, ndipo mukukayikira zoona. Anthu ovala magalasi a VR amaona zinthu ngati zili pafupi kuposa mmene zilili, ndipo ena amachita chizungulire ndi mseru. Ku yunivesite ya Brown ku America, William Warren amayendetsa anthu ndi miyendo yawo m'chipinda chachikulu atavala magalasiwo, zomwe zimathandiza, komabe chipinda chili ndi makoma.

Chachikulu n'chakuti mu kompyuta munthu satopa. Taganizirani mayi amene wasenza dengu la tomato, mwana ali kumsana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Iye amasankha njira ya mthunzi wa mango ngakhale italike. Mu Januwale amazungulira kuthawa matope ndi ngalande yosefukira. Kanjira kachidule kodutsa m'munda, kamene aliyense amadutsa chilimwe, amakasiya chimanga chikatalika, chifukwa sadziwa amene wabisalamo. Magalasi sangamuveke munthu mantha amenewo, kapena kulemera kwa dengulo. Ndiponso kupatukira kumanja kuja ndi chizolowezi chimene anthu amaphunzira kwawo, choncho musatenge za ku Ulaya n'kuziika pa depoti ya minibasi ya ku Lilongwe musanaone nokha.

Mukafuna kuchita kafukufuku wanu, yambani ndi kope ndi cholembera. Khalani pamphambano mmawa ndi madzulo, werengani odutsa, tsatirani tinjira timene mapazi apanga pa udzu, ndipo afunseni anthu chifukwa chimene adutsira pamenepo. Mukatsala ndi funso limodzi la maso, monga lakuti chikwangwani chiikidwe pati kapena khomo likule bwanji, limenelo ndiye lipititseni ku kompyuta, kenako mubwerere pamphambano paja mukaone ngati zikugwirizana.