Zoyenera kukhala m'chikwama chothawira pa ngozi

Mayi, yambani ndi madzi akumwa, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ndiponso ziphaso zanu zokulungidwa m'pulasitiki kuti zisanyowe. Kenako onjezani chakudya chosafuna kuphika chokwanira maola 72, tochi, mabatire, chofunda chopepuka ndi ndalama pang'ono.

Madzi osefukira atatithamangitsa usiku, ndinaona kuti chikwama cholemera chimasiyidwa panjira, makamaka munthu akabereka mwana, choncho yesani kuchinyamula nokha musanachiike pafupi ndi khomo. Manambala a abale alembeni papepala, chifukwa foni ikhoza kuzima.

Ngati m'banja mwanu muli wodwala matenda a shuga kapena mayi woyembekezera, funsani dokotala za mankhwala oyenera kusunga ndi kasungidwe kake, popeza insulini imawonongeka ikakhala pamalo otentha.