Hatchi ikasiya kutsimphina sindiye kuti yachira

Mayi wina wakwathu amene ali ndi kamunda kufupi ndi Howick ku KwaZulu-Natal wandilembera imelo. Akuti munthu wina akufuna kuwapatsa ulere hatchi yofula ya zaka 6, imene inkathamanga pa mipikisano koma inavulala mtsempha wa mwendo wakutsogolo miyezi 4 yapitayo. Mwini wake akuti yachira, sikutsimphinanso. Kodi aitenge?

Achemwali, mawu akuti "sikutsimphinanso" andisowetsa tulo. Ndinawamvapo kale mawu amenewa, ndipo inenso ndinawakhulupirira.

Ndinasamalira mahatchi a mpikisano zaka 9 pa khola lina kufupi ndi Durban. Tinalipo Amalawi angapo, komanso anzathu a ku Zimbabwe amene ntchitoyi anaiphunzirira ku Borrowdale Park ku Harare. Tinkadzuka kusanache, aliyense ndi mahatchi ake atatu. Mwa anga munali ina yofiirira, ya kadontho koyera pachipumi. Dzina lake la pa pasipoti, chikalata chozindikiritsa hatchi, linali lalitali, ine ndinkangoti Nyenyezi. Inkandidziwa ndi mapazi okha, ndisanatulukire n'komwe pakona.

Tsiku lina itabwera kothamanga, ndinayendetsa dzanja kumbuyo kwa mwendo wakumanzere, m'munsi mwa bondo, ndipo ndinamva kutentha. Kutacha panali patatupa, patakhota ngati uta. Mtsempha umenewo umagwira ntchito ngati mphira wa legeni. Hatchi yolemera pafupifupi makilogalamu 500 ikamathamanga makilomita 60 pa ola, pamakhala kamphindi kamene thupi lonse limatsamira pa mwendo umodzi, mtsemphawo n'kutamuka, n'kubwerera, n'kutamukanso. Mkati mwake mumatentha kufika madigiri 45. Timaulusi take timayamba kuduka mwakachetechete kwa miyezi, tsiku lotupalo limakhala lomalizira chabe. Ndipo poti magazi amafikamo ochepa, kupola kwake n'kwa kamba. Thupi limasoka pong'ambikapo ndi chipsera, koma chipsera sichitamuka ngati mtsempha weniweni, choncho ukadzadukanso umadukira m'mphepete, pamene cholimba chakumana ndi chofewa.

Ndinkaithira madzi ozizira a m'paipi mphindi 20, katatu patsiku, kumanga bandeji, kuipatsa mankhwala oletsa ululu ndi kutupa otchedwa bute m'chakudya. Pasanathe mwezi inasiya kutsimphina. Kutupa kunaphwa. Inayamba kumenya chitseko, kufuna kutuluka. Pofika mwezi wachisanu mwini wake maso anali pa mipikisano ya nyengo yozizira, nthawi imene mzinda wonse umangokamba za mpikisano waukulu wa mahatchi wa Durban July. Sikani, chithunzi cha makina oonera m'kati mwa mwendo, inaonetsa kuti kachibowo kakuda mkati mwa mtsempha kanali kasanadzaze. A vetenale anati dikirani. Sanadikire. Chishalo ndinaiveka ndine, ndi manja angawa, ndipo mumtima ndinkati mwina bwana akunena zoona, taonani mmene ikuyendera bwino. Pa liwiro lachitatu unadukanso, moposa poyamba. Patatha masabata awiri anaikweza m'lole. Palibe anandiuza kumene inapita, ndipo mpaka lero ndikamva hatchi ikumenya chitseko cha khola ndimatembenuka.

Chimandipwetekabe n'chakuti munthu amene amagwira miyendo ya hatchi m'mawa uliwonse ndi amene safunsidwa kanthu. Ife tinkadziwa kuti pakutenthabe. Koma ukakhala mlendo m'dziko la eni, ana kumudzi akudikira fizi, umameza mawu. Madoda ena pakholapo ankati tikanaiwotcha mwendo ndi chitsulo chamoto monga ankachitira kale. Ine zimenezo ndimazikana kwamtuwagalu. Moto suluka mtsempha. Ngati mahatchi owotchedwa ankachira, n'chifukwa choti bala la motolo linkakakamiza eni ake kuwapumitsa miyezi yambiri. Kupumako ndiye kunali mankhwala, ndipo kupumako n'kumene eni ndalama safuna kulipira.

N'chifukwa chake mawu akuti "ulere" sindiwakonda pa nkhani ya hatchi. Munthu akakupatsani hatchi yovulala pa mwezi wachinayi, wakupatsani miyezi 8 yotsala pa chaka chimene imafunika kuti ipole, miyezi ya udzu, ya a vetenale ndi ya wodula ziboda, imene iye wafuna kuizemba. Sindikuti onse ndi oipa mtima. Ena amafunadi kuti nyamayo ipeze pokhala pabwino. Koma werengerani. Hatchi yotere imadya udzu wouma makilogalamu 8 mpaka 10 patsiku, teff kapena eragrostis, ndi lucerne pang'ono. Ziboda zimafuna kudulidwa masabata 5 kapena 6 aliwonse, ndipo mahatchi ambiri ochokera ku mpikisano amabwera ndi ziboda zazitali kutsogolo ndi zotsika kuchidendene, zimene zimakoka mtsempha womwe wavulalawo. Ambiri amabweranso ndi zilonda za m'mimba chifukwa cha chakudya cha mphamvu ndi kukhalitsa m'khola. Kwanuko ku Midlands, dera limene kuli Howick, kulinso African horse sickness, matenda ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, ndipo katemera wake amabayidwa chaka ndi chaka pakati pa June ndi October. Hatchiyo ili ndi zaka 6; ikhoza kufika 25 kapena kupitirira. Mudzakhala nayo ana anu atakwatira.

Tsono muitenge kapena ayi?

Itengeni ngati mukufuna hatchi yoyenda nayo m'tinjira ndi m'mapiri, osati yodumpha mipanda kapena yothamangitsa. Mwa mahatchi amene amabwerera ku mpikisano atavulala chonchi, pafupifupi theka amavulalanso, koma amene amakagwira ntchito yopepuka ambiri amakhala bwino zaka ndi zaka. Musanavomere, itanani vetenale wanu, osati wa mwini wake, apange sikani miyendo yonse iwiri yakutsogolo, chifukwa winawo wakhala ukusenza katundu wa mnzake. Pemphaninso zithunzi za sikani yoyamba ndi pasipoti yake. Akakana, isiyeni.

Ikafika, musaimasule pabwalo lalikulu tsiku loyamba. Hatchi imene yatsekeredwa miyezi 4 idzaliyatsa liwiro n'kuwononga zonse m'mphindi imodzi. Kabwalo kakang'ono, chakudya cha mphamvu chochepa, kuiyendetsa pa chingwe pamalo olimba ndi osalala, kuwonjezera mphindi zochepa sabata iliyonse. Sikani miyezi itatu iliyonse, ndipo ndi sikaniyo imene inene kuti iyambe kuthamanga pang'ono, osati maso anu. Werengerani chaka chathunthu kuchokera tsiku limene inavulala. M'mawa uliwonse musanaipatse chakudya, gwirani kumbuyo kwa miyendo yonse iwiri ndi dzanja limodzimodzi. Wina ukatentha kuposa unzake, tsikulo isayende, imbirani a vetenale.