Mwana akagona m'kalasi, musathamangire kumupatsa khasu

Mphunzitsi wina amene wangoyamba kumene ntchito pa CDSS ina ku Salima wanditumizira imelo. Akuti uphunzitsi anangoulowa poti ntchito ina inasowa, ndiye pano anyamata a Fomu 2 akumagona m'kalasi, atsikana ena kuwafunsa kanthu amangoyang'ana pansi. Akufunsa ngati munthu amene sanaulakelake uphunzitsi angathandize ana amsinkhu umenewu.

Achemwali, kodi mukuganiza kuti ife tinaulota? Mu 1994 ine ndinali pakhomo ndi satifiketi ya MSCE, kumangothandiza amalume kuyanika usipa pathandala kufupi ndi Chia. Boma la a Bakili Muluzi litalengeza pulayimale yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, aphunzitsi osakwana. Anatilemba ambirimbiri, kutiphunzitsa mwachidule, basi choko m'manja. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi titatsamiritsa pa tsinde. Mvula ikabwera, sukulu yaweruka. Maphunziro enieni ndinakawapeza pambuyo kudzera mu MIITEP, ndondomeko yosula aphunzitsi amene anali kale pa ntchito, ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu TTC, kenako dipuloma ya ku Domasi n'kusamukira kusekondale. Kukoleji anatiphunzitsa kulemba sikimu ndi lesoni pulani. Zoti mnyamata wa zaka 15 amene bambo ake angokwatira kwina umayankhula naye bwanji, zimenezo anandiphunzitsa ndi ana omwewo.

Kunyanja kuno mwana wogona m'kalasi kawirikawiri si waulesi. Wachezera usiku wonse pa bwato ngati mlovi, kukoka khoka la chilimira, wafika kudooko m'bandakucha, wasamba kumaso n'kuvala yunifomu. M'thumba muli ndalama, kwawo ndi iye amene wagula ndiwo. Ndiye inu mumuimike pamaso pa atsikana, mumuuze kuti akazule chitsa? Mawa simumuonanso. Chilango chimenechi ine ndimadana nacho, ndipo ndimanena poyera m'sitafu rumu ngakhale anzanga amati ndikulekerera ana. Chitsa sichinabwezepo mwana kusukulu.

Atsikananso nkhani yawo ndi ina. Ambiri ali pa selofu, akuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu poti kwawo n'kutali. Ufa ukatha pakati pa mwezi, amene amaonekera msanga ndi wakabaza kapena wogula nsomba, osati makolo. Mtsikana akasiya kuyankhula m'kalasi, penapake pali zimene zikumudya mumtima. Malamulo alipo ndithu. Kuyambira 1993 mtsikana woyembekezera amaloledwa kubwerera kusukulu akachira, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti ukwati uziyambira pa zaka 18. Koma wobwererayo akalowa m'kalasi, aphunzitsi ena ndi amene amayamba kumutchula kuti "make mwana", kalasi yonse n'kuseka. Zimenezi zimandinyansa kuposa kuchedwa kwa malipiro.

Nanga Life Skills? Phunziro labwino, koma tinalisandutsa loloweza. Mwana amalemba bwinobwino pamayeso njira zothetsera mkwiyo, akatuluka panja n'kumenyana ndi mnzake chifukwa cha foni. Ndipo nthawi zambiri amalipatsa mphunzitsi amene mapiriyodi ake achepa, osati amene ana amamasuka naye. Za ahedi ena amene amaona ngati kucheza ndi mwana n'kutaya nthawi ya silabasi, ndidzalemba tsiku lina, apa ndingapse mtima.

Tsono muchite chiyani?

Dziwani mayina awo onse, ndipo muziwatchula. Wogonayo musamudzudzule pagulu. Muitaneni pa buleki, pamalo poonekera, mumufunse ngati wadya ndi kumene wagona. Akangoti zii musakakamize, mudzafunsenso mawa. Zimene wakuuzani zisafike m'sitafu rumu, kupatula ngati akuchitiridwa nkhanza. Pamenepo musasenze nokha: uzani ahedi, amayi a mother group, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Makolo muwapitire kwawo mwaulemu, chifukwa kalata yowaitana kusukulu amaiona ngati samani.

Mwera ukayamba kukuntha cha mu June, mabwato masiku ena salowa m'madzi ndipo anyamata aja amabwera atagona mokwanira. Masiku amenewo muwagwiritse ntchito, mubwereze nawo zimene anaphonya mayeso a teremu yomaliza asanafike.