Tifunseni: kulima m'nyumba ya lendi ku Harare

Akulu a tsamba lino, ndine mnyamata wa ku Dzivarasekwa. Ndinamva kuti boma la Zimbabwe linaloleza chamba mu 2018, ndipo msuweni wanga wa ku Johannesburg amadzala m'chipinda mwake ndi magetsi popanda womuvuta. Ndikufuna koteji ya lendi kuti nane ndiyambe. Ndiyang'ane nyumba yotani, nanga landilodi wabwino pa ntchito imeneyi ndi wotani?

Achimwene, nkhani munaimvayo ndi yoona theka lokha, ndipo theka linalo ndi limene limatsekeretsa anthu.

Chimene chinachitika mu April 2018 ndi choti nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, David Parirenyatwa, inatulutsa malamulo otchedwa Statutory Instrument 62 of 2018, olola kulima chamba chopangira mankhwala a chipatala ndi cha kafukufuku. Zimbabwe inakhala dziko lachiwiri mu Africa kuchita zimenezi, potsatira Lesotho. Koma chilolezocho n'cha munthu kapena kampani yokhala ndi layisensi, ndipo pamene malamulowo ankatuluka layisensi yake inali 50,000 ya madola a ku America, yogwira ntchito zaka zisanu. Pofunsira mumasonyeza mapulani a malo olimapo, chitetezo chake ndi kuchuluka kwa zimene mukolole, ndipo akuluakulu a boma amabwera kudzayendera. Koteji ya kuseri kwa nyumba ya munthu, yokhala ndi bafa logawana ndi maloja anzanu (anzanu ochita lendi pamalopo), siingadutse pamenepo ngakhale mutaipenta bwanji. Chamba china chija cha ulusi ndi mafuta, chimene amati hemp, chili ndi malamulo akeake a 2020 pansi pa Agricultural Marketing Authority, nachonso n'cha kumunda ndipo chimafuna chilolezo.

Kunja kwa malayisensi amenewa, mbanje, dzina la chamba kuno, ikadali mlandu monga kale. Lamulo la milandu la Criminal Law (Codification and Reform) Act, gawo 157, limati wopezeka nacho, wosuta kapena wolima choti asute yekha akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka zaka zisanu. Gawo 156 ndi la wolima kapena kusunga n'cholinga chogulitsa, ndipo limafika zaka 15, kupitirira apo ngati pali zowonjezera kukula kwa mlandu monga kulowetsamo ana. Khoti likaona mitengo yambiri, sikelo ndi timapepala tokulungira, mawu oti "n'changa chosuta ndekha" amavuta kuwakhulupirira. Ngati mukukhala kuno ndi pasipoti ya Malawi, onjezeranipo chiopsezo chobwezedwa kwanu mukamaliza chilango.

Msuweni wanuyo ali pansi pa malamulo ena. Khoti lalikulu la malamulo a dziko ku South Africa linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta payekha pamalo ake. Chigamulo chimenecho chimathera pa mlatho wa Beitbridge, pamalire a South Africa ndi Zimbabwe. Ngakhale kumudzi, lamulo la Malawi la 2020 linangotsegula ulimi wa layisensi pansi pa Cannabis Regulatory Authority, osati wa m'chipinda chogona.

Tsono landilodi amene mukufunayo, wosafunsa ndi wosabwerabwera, ife sitikuthandizani kumusaka. Lamulo lomwelo limagwiranso mwini nyumba amene alola malo ake kugwiritsidwa ntchito yotere akudziwa. Ndipo amene angavomere ndi maso otsegula ndiye woti mumuope kwambiri, chifukwa wakugwirani pakhosi. Tsiku limene akweze lendi, kapena akane kubweza dipoziti, mukadandaula kwa yani? Ku Rent Board, bungwe loweruza madandaulo a lendi, simungapite, kupolisi ndiye musatchule n'komwe. Ngati chimene chikukukokani ndi ndalama ya ulimi wa malo ochepa, werengani funso lotsatirali.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa mbande za tomato ndi tsabola. Miyezi yozizira mbande zimandifera panja, ndiye ndikufuna nyumba ya lendi cha ku Waterfalls kapena Hatfield yokhala ndi chipinda chimodzi choti ndiikemo mashelefu ndi magetsi. Ndisanalipire ndione chiyani?

Mayi, maganizo anuwo ali ndi mutu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo usiku wa June ndi July kumazizira kutsika madigiri 10, pomwe mbewu ya tomato imamera bwino pakati pa 20 ndi 28. Koma tinene poyamba kuti miyezi ina yonseyo dzuwa la kuno n'laulere ndipo limaposa getsi lililonse. Choncho nyumba yabwino kwa inu ndi yokhala ndi chipindacho komanso kabwalo ka mpanda koyang'ana kumpoto, komwe mungakhomeko neti ya mthunzi kuyambira September.

Yambani ndi mita. Funsani ngati nyumbayo ili ndi mita yakeyake ya ZESA, kampani ya magetsi ya boma, kapena mukugawana ndi nyumba yaikulu. Tiwerengere limodzi. Mashelefu anayi, lililonse machubu atatu a LED a mawati 18, ndi machubu 12, mawati 216. Akayaka maola 14 patsiku amadya mayunitsi atatu, kutanthauza 90 pamwezi. Fani ya mawati 40 yozungulira maola 12 iwonjezera mayunitsi 14. Onse pamodzi ndi 105 kapena apo. Si zambiri, koma mtengo wa ZESA umakwera ngati makwerero: mayunitsi oyamba kugula m'mwezi ndi otchipa, otsatira amadula. Pa mita yogawana, 105 anuwo amakankhira nyumba yonse pa mtengo wapamwamba, ndipo mkangano umayamba tokeni ikatha pa 18 mwezi usanathe. Ngati mita ndi imodzi, gwirizanani kuti katswiri wa magetsi aike kamita kakang'ono pa waya wolowa kwanu, muzilipira zimene kakuwerenga. Landilodi wonena kuti "magetsi kuno sitivutika nawo, tinakonza" mumuthawe. Ndiye kuti analambalala mita, ndipo tsiku lobwera a ZETDC, nthambi ya ZESA yogawa magetsi, mlanduwo sudzasankha mwini ndi loja.

Mukatero pemphani kuona bokosi la maswitchi. Payenera kukhala switchi yodzizimitsa yokha magetsi akakhudzana ndi madzi kapena munthu, imakhala ndi kabatani kolembedwa T kapena Test. Dinani pamaso pa mwini nyumba. Magetsi akazima nthawi yomweyo, ili moyo. Akapanda kuzima, m'chipinda chimene muzithira madzi tsiku ndi tsiku mulibe chokutetezani. Yang'ananinso masoketi: lakuda m'mbali mwa mabowo, logwedera kapena lonunkha pulasitiki wopsa likusonyeza waya womasuka m'kati. Soketi ya pulagi ya mano atatu imanyamula maampu 13, pafupifupi mawati 3,000, ndiye machubu anu si katundu. Chimene chimawotcha nyumba ndi hita ya mawati 2,000 yolumikizidwa pa ekisitenshoni yotchipa yokulungidwa pansi pa shelefu, usiku wonse wa July. Waya wokulungidwa sataya kutentha, amasungunuka. Zolumikizira zonse zikhale pakhoma, pamwamba pa mathileyi, osati pansi pomwe madzi amadontherapo.

Za kuzima kwa magetsi funsani anthu oyandikana nawo, osati mwini nyumba kapena ejenti. Mbande zimapirira tsiku limodzi la mdima, koma masiku angapo otsatizana zimatalika n'kuwonda ngati ulusi, wogula akangoziona amadutsa. Batire ya 100Ah ya mavoti 12 imasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, ndipo ngati ndi ya mtovu mungagwiritse theka lokha osaiwononga, ndiye machubu 12 singawayatse kupitirira maola atatu. N'chifukwa chake chipinda cha windo lalikulu loyang'ana kumpoto chimaposa chachikulu chamdima.

Madzi a khonsolo m'madera ambiri amabwera masiku owerengeka pa sabata. Funsani ngati pali mjigo kapena thanki, ndani amagula madzi thanki ikauma, ndipo pampu imayendera ZESA kapena sola. Mathileyi 12 a mabowo 200 amamwa malita 6 mpaka 12 patsiku. Mgolo wa malita 200 ukukwanirani masabata awiri, koma kumbukirani kuti ukadzaza umalemera makilogalamu 200. Ukhale pa simenti, osati pa matabwa.

Tsopano chinthu chimene chimadyetsa anthu dipoziti: chinyezi. Madzi amene mwathirawo sathera m'mbande, ambiri amakwera mumpweya. Usiku mpweyawo ukakhudza khoma lozizira ndi galasi umasanduka mame, amatsikira pa felemu ya windo, penti imatupa, kumakona ndi kuseri kwa shelefu kumamera chuku chakuda. Siling'i ya bolodi imayamba mabala achikasu kenako kugoba. Mbande nazo zimawola patsinde n'kugwa mzere wonse m'mawa umodzi. Poyendera nyumba, pitani m'mawa, yendetsani dzanja pakhoma chakumunsi. Likakhala lozizira monyowa, kapena pulasitala akuyoyoka ufa woyera ngati mchere, khomalo likukoka kale madzi kuchokera pansi, ndipo inu mudzangosenza mlandu wake. Penti yatsopano yopakidwa mita imodzi yokha kuchokera pansi ikubisa zomwezo. Fufuzani chipinda cha simenti kapena matayilosi, mawindo otseguka mbali ziwiri, ndi timabowo ta mpweya tosatsekedwa pamwamba pakhoma. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, kasapitirire 70 peresenti kwa nthawi yaitali. Thirirani m'mawa, yalani pulasitiki wokhuthala pansi wopindira m'mbali, mashelefu atalikirane ndi khoma masentimita 10. Denga likakhala la asibesitosi, monga nyumba zambiri zakale za kuno, musaliboole pofuna kutulutsa mpweya. Fumbi lake limawononga mapapo.

Landilodi muuzeni zonse musanapereke kobiri, mumuonetse ngakhale chithunzi cha mashelefuwo pafoni. Anthu ambiri akamva za magetsi oyaka usiku m'chipinda chotseka amaganiza za mbanje, ndiye kuli bwino aone yekha kuti ndi tomato. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'pangano la lendi: kuti chipinda chakuti mulimamo mbande, ndani alipira magetsi ndi madzi, mungakhome misomali kapena ayi, ogula aziloledwa kufika pageti nthawi yanji, ndiponso kuti iye akafuna kuyendera azikudziwitsani tsiku lisanafike. Tsiku lolowa jambulani makoma, siling'i ndi manambala a pa mita, mumutumizire pa WhatsApp kuti deti lisungike. Lendi iliyonse, kaya ndi madola kaya ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, ikhale ndi lisiti. Ngati mwadzera kwa ejenti, onani kuti ndi wolembetsedwa ku Estate Agents Council of Zimbabwe, ndipo musalipire nyumba imene simunalowemo. Za ogula obwera pakhomo kafunseni ku ofesi ya khonsolo ya dera lanu, poti malonda a m'dera la nyumba zogona ali ndi malamulo ake.

Ndine bambo wopuma pa ntchito ku Highfield. Loja wanga waphimba windo ndi bulangete, tokeni ikutha msanga, ndipo fungo likundikayikitsa. Ndithyole loko nditaye katundu wake panja?

Ayi bambo, loko musathyole. Malamulo a kuno salola mwini nyumba kutulutsa loja ndi manja ake, kusintha maloko kapena kumudulira magetsi ndi madzi popanda chigamulo cha khoti. Mukatero iye ndiye angakusumireni, khoti n'kulamula kuti abwerere m'nyumbamo. Komanso bulangete pawindo si umboni. Alonda ogwira ntchito usiku amaphimba mawindo kuti agone masana, ndipo mbaula ya magetsi imadya mayunitsi kuposa machubu.

Mulembereni kalata kapena uthenga womudziwitsa tsiku ndi ola limene mudzayendere chipindacho, mupite ndi munthu wamkulu mmodzi ngati mboni. Mukapeza chamba musachizule, musachinyamule n'kukasunga kwanu, chifukwa wopezeka nacho m'manja pamenepo mukhala inu. Kuyambira ola limenelo mukudziwa, ndipo kupitiriza kulandira lendi mwakachetechete kungakuikeni m'gulu la olola malo awo. Kanenani kupolisi, musunge nambala ya lipoti, kenako yambani njira ya khoti la majisitireti yothetsa panganolo. Ngati ndalama ya loya ikuvuta, boma lili ndi Legal Aid Directorate. Loja wina asanalowe, itanani katswiri aone mawaya a chipindacho, makamaka m'denga, ngati sanalumikizidwe mwachinyengo.

Bowa wa oyisitala ndingalime m'chipinda chomwe timagona? Nyumba yathu ku Epworth ndi ya zipinda ziwiri.

Musayese, achemwali. Bowa ameneyu pobereka amafuna chinyezi cha 80 mpaka 90 peresenti, chomwe chiwoletsa matiresi, zovala ndi zitseko m'nyengo imodzi. Akakhwima amatulutsa fumbi loyera losaoneka bwino ndi maso, ndipo kulipuma usiku ndi usiku kumayambitsa chifuwa ndi kubanika, makamaka kwa ana ndi odwala mphumu. Pemphani mwini malo akulolezeni kumanga kashedi ka mitengo, pulasitiki ndi udzu pamthunzi kuseri kwa nyumba, kokwana mamita awiri mbali zonse, pansi muthire mchenga woti muzinyowetsa. Gwirizanani pa pepala kuti kashediko n'kanu ndipo mudzakaphwasula posamuka. Kololani bowa m'mphepete mwa chipewa chake musanatambasuke, fumbilo lisanayambe kugwa.